Theka la ola pa mkeka: kuthandiza mwana Chipwitikizi ndi masamu tsiku lililonse

Mwana wa ku Domue, ku Tsangano, ku Furancungo kapena ku Chifunde, kuno m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amakalowa kalasi yoyamba ali ndi zaka 6, Chinyanja chili tho m'kamwa. Amadziwa kutsutsana ndi anzake, amamasula ndagi, amawerenga mbuzi zikamalowa m'khola n'kuzindikira kuti imodzi yatsalira kudambo. Akafika kusukulu amapeza buku likulankhula Chipwitikizi. Ndiye amachita zimene mwana aliyense wochenjera angachite: amakopera. Kaderno imadzaza, zilembo zooneka bwino, koma mukamufunsa kuti "walemba chiyani apa?" amangokanda pansi ndi chala chakuphazi.

Musafulumire kunena kuti mwanayo ndi mbuli kapena kuti aphunzitsi ndi aulesi. M'kalasi mumakhala ana ambiri, sukulu zambiri zimagawa tsiku m'maturno, ena m'mawa ena masana, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga payekha. Munthu amene angamumvetsere yekhayekha ali kunyumba: amayi, abambo, agogo, amalume, kapena mkulu wake wa ku sekondale. Lamulo la maphunziro la 2018 lidaika pulayimale pa makalasi 6, ndipo chimene mwana walephera kugwira m'makalasi atatu oyambirira chimamulondola mpaka kutsogolo.

Njira imene ndikufotokoza pano yatsamira pa chinthu chimodzi: chilichonse chiyambe m'Chinyanja, mwana achimvetse, kenako chiwolokere ku Chipwitikizi. Si nzeru yachilendo kuno. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma lidayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri, pulojekiti yotchedwa PEBIMO, ndipo zigawo zimene zidasankhidwa zidali Gaza ndi Chichangana, Tete ndi Chinyanja. Lero sukulu zina zili ndi makalasi otere, zina zilibe. Pa mkeka wa kwanu simufunika chilolezo cha munthu.

Choyamba, pezani nthawi ndi zipangizo

Theka la ola likukwana. Mwana wa kalasi yoyamba kapena yachiwiri mphindi 20 basi. Ngati amapita kusukulu m'mawa, khalani naye masana atadya n'kupumako, dzuwa lisanapendeke kwambiri. Ngati ndi wa turno ya masana, m'mawa akamaliza kusesa ndi kutunga madzi. Usiku ndi nthawi yoipa: mwana watopa, nyali ya sola yafooka, inunso tulo tayamba kukokera. M'miyezi ya June ndi July kuno kumtunda kwa Angónia kumazizira, choncho khalani poothera dzuwa. Chachikulu n'chakuti nthawiyo ikhale imodzimodzi tsiku ndi tsiku, mwana asamachite kukumbutsidwa ndi mawu okweza.

Zipangizo zake: buku la kusukulu limene boma limagawa mwaulere, kaderno imodzi ya kunyumba yosiyana ndi ya kusukulu, lapisi, katoni yakale yoduladula timapepala, timitengo tokwana 100 totalika ngati chala, luzi kapena timalamba ta chubu, ndi nyemba kapena timiyala. Foni si yofunika. Pamene palibe kaderno, pansi posesa bwino ndi kamtengo zimagwira ntchito, ndipo mwana saopa kulakwa pansi chifukwa amafufuta ndi phazi.

Theka la olalo ligaweni motere: mphindi 5 kuwerenga mokweza, 5 mawu atsopano, 10 galamala, 10 masamu. TPC, ntchito yochitira kunyumba imene aphunzitsi apereka, ichitidwe padera, ndipo aichite mwana, osati mkulu wake.

Chachiwiri, awerenge mokweza

Tsegulani buku pa tsamba limene aphunzira sabata imeneyo, awerenge mizere itatu kapena isanu, chala chili pansi pa mawu. Akamaliza mufunseni m'Chinyanja: "Nkhaniyi ikunena za yani? Wachita chiyani?" Ayankhe m'Chinyanja. Inu amene simudziwa Chipwitikizi musadzichotse pano, chifukwa funso limeneli ndi lanu ndithu. Mwana amene akufotokozera agogo ake zimene wawerenga akugwira ntchito yaikulu kuposa amene wakopera tsamba lonse. Akalephera, muuzeni asonyeze mawu amene amutsekereza, muwalembe, amenewo ndiwo mawu a mawa.

Samalani ndi ana amene aloweza tsamba pamtima. Amawerenga bwino kwambiri, maso ali kudenga. Mukamukayikira, lozani mawu amodzi pakati pa mzere, kapena ayambire kumunsi kupita kumwamba.

Pali malo amene lilime lathu limapunthwa, ndipo ndi bwino kuwadziwiratu. M'Chinyanja l ndi r sizisintha tanthauzo: kaya munena "kulira" kaya "kurira" aliyense akumvani. M'Chipwitikizi zimasintha. Rua ndi msewu, lua ndi mwezi. Rei ndi mfumu, lei ndi lamulo. Lata ndi chitini, rata ndi khoswe wamkazi. Lembani mawu awiriawiri otere pa timapepala, wina atchule amodzi, mwana aloze. Khutu liyambe kusiyanitsa, lilime lidzatsatira. Kenako mubwere pa caro ndi carro.

Kupunthwa kwina n'kwakuti ife timakonda kuti mawu aziyenda ndi mavawelo, ndiye prato imasanduka "purato", livro "livuru", flor "fulori". Polankhula si mlandu waukulu, koma mwana amalemba zimene akumva m'mutu mwake, ndipo pa ditado, pamene mwana amalemba zimene wina akuwerenga mokweza, aphunzitsi amadula. Muombetseni m'manja potchula: pra-to, kuomba kuwiri, osati kutatu.

Chilembo c chimafuna sabata yakeyake. Mu ca, co, cu chimamveka k. Mu ce, ci chimamveka s. Kuti mupeze "ke" ndi "ki" mulemba que ndi qui. Tsono mwana amene ali m'kalasi ya zilankhulo ziwiri amaphunziranso kuti m'kalembedwe ka Chinyanja ka ku Mozambique timalemba "cimanga" ndi "Cinyanja", pamene mabuku ochokera ku Malawi, amene ambiri tili nawo kutchalitchi, amalemba "chimanga". Musamukonze, sadalakwe. Ingomuuzani kuti m'Chipwitikizi ch ali ndi liwu lina, lija la mu chuva ndi chave. Nh ndi ny wathu yemwe uja, monga mu galinha, ndipo h woyambirira wa mu hoje ndi homem satchulidwa konse.

Chachitatu, mawu asanu patsiku

Asanu okha. Wamng'ono atatu. Lembani liwu la Chipwitikizi kutsogolo kwa kapepala ka katoni, kuseri Chinyanja kapena chithunzi chimene mwana wajambula yekha. Dzina la chinthu lisalembedwe lokha: lembani "a enxada", "o milho", "a chuva", "o cabrito". Mwana amene waloweza "enxada" yokha adzavutika moyo wonse kukumbukira ngati ndi o kapena a. Amene waloweza "a enxada" wanyamula zonse pamodzi.

Mawuwo achokere m'buku la kusukulu ndiponso pakhomo pompo. Paketi ya shuga yalembedwa açúcar, ya mchere sal, botolo la mafuta óleo. Pali zikwangwani za ku Ulongwe, khadi la kusikelo, uthenga wa M-Pesa kapena e-Mola umene umabwera pa foni. Sabata imodzi tengani za kukhitchini, ina za kumunda, ina ziwalo za thupi, ina achibale. Mwana amasangalala akazindikira kuti mawu ena ankawadziwa kale: nsapato ndi sapato, kalata ndi carta, chipewa ndi chapéu. Koma mumuchenjeze pa mbatata, chifukwa imene ife timati mbatata ndi batata-doce, ndipo kachewere amene timalima kunoyu ndi batata-reno.

Kuloweza kokha sikukwana. Liwu lililonse alipangire chiganizo chake, ngakhale chachifupi: "A enxada está na machamba." Ndipo timapepalato tisatayidwe. Khalani ndi zitini zitatu. Mawu atsopano alowe m'chitini choyamba, chimene mumatsegula tsiku lililonse. Liwu limene wakhoza masiku awiri otsatizana lipite m'chachiwiri, chotsegulidwa kawiri pa sabata. Akalikhozanso lipite m'chachitatu, cha Loweruka lokha. Akaliiwala libwerere m'choyamba, popanda kukalipa. Mwana amakumbukira bwino liwu limene adatsala pang'ono kuliiwala kenako n'kulikumbuka, kusiyana ndi limene walibwereza kakhumi motsatizana.

Masiku a sabata muwaphunzitse mwapadera, chifukwa pali msampha. Ife timayamba kuwerenga pa Lolemba, Chipwitikizi chimayambira pa Lamulungu. Motero Lolemba ndi segunda-feira, Lachiwiri ndi terça, Lachitatu ndi quarta, Lachinayi ndi quinta, Lachisanu ndi sexta. Mwana amene waphunzira kuti quinta ikugwirizana ndi cinco amaganiza kuti ndi Lachisanu, n'kukonzekera mayeso tsiku litapita kale.

Chachinayi, galamala

Apa ndi pamene makolo ambiri amagwa mphwayi, koma mwana wanu galamala ali nayo kale, yovuta kuposa ya m'buku. Yesani izi. Nenani mwadala, nkhope ili gwa: "Chimanga wanga wapsa." Mwana aseka. Mufunseni chalakwika n'chiyani, akuuzani kuti timati "chimanga changa chapsa". Pitirizani: mwana wanga wamng'ono wagwa, ana anga aang'ono agwa, chitseko changa chaching'ono chagwa. Muonetseni kuti mawu onse m'chiganizo akumvera dzina lija. Kenako muuzeni kuti Chipwitikizi nachonso chimatero, koma ife timasintha kumutu kwa mawu, iwo amasintha kumchira: o menino alto, a menina alta, os meninos altos, as meninas altas. Mwana akagwira zimenezi, "as criança" ndi "os meu livro" zimayamba kumuwawa m'khutu monga momwe "chimanga wanga" idamuwawira.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yosavuta. Tengani chiganizo chimodzi, muzimusinthitsa. "O cabrito preto come capim." Tsopano mbuzi zikhale zambiri. Tsopano ikhale nkhuku, a galinha. Tsopano zidachitika dzulo. Tsopano ukane. Tsopano ufunse. Chiganizo chimodzi chatulutsa zisanu, ndipo mwana waganiza pa chilichonse. Zimenezi zimaposa kukopera ziganizo makumi awiri.

Lamulo loti mawu othera ndi o amatenga o, othera ndi a amatenga a, limathandiza, koma lili ndi opanduka ake amene mwana amakumana nawo tsiku lililonse: o dia, o mapa, o problema, a mão. Amenewa alowe m'chitini choyamba. Pochulukitsa, yambani ndi ongoonjeza s, kenako flor ndi flores, homem ndi homens, animal ndi animais, papel ndi papéis. Othera ndi ão muwasiyire kumapeto, chifukwa alibe njira imodzi: mão imapita ku mãos, pão ku pães, limão ku limões. Palibe chidule apa, n'kuloweza basi.

Aneni muwatenge mmodzi pa sabata. Yambani ndi oyenda mwadongosolo, falar, comer, partir, kenako asanu amene sasowa pakamwa ngakhale ali osamvera lamulo: ser, estar, ter, ir, fazer. Musamuimbitse mndandanda wonse ngati nyimbo, chifukwa mwana woimba eu falo, tu falas, ele fala mukamufunsa za nós amayambiranso pamwamba. Lozani munthu: iwe, ine, agogo, tonsefe, ana aja ali apowo, iye azipereka mneni woyenera. Jambulani pansi mabwalo atatu, ontem, hoje, amanhã. Akaima pa ontem anene "comi", akalumphira pa hoje "como", pa amanhã "vou comer". Zolakwa zimene mudzamve kawirikawiri ndi "eu foi" m'malo mwa "eu fui", "eu comeu" m'malo mwa "eu comi", ndi "nós vai". Zimamveka pamsika ndi m'chapa, mwana sadazipeke yekha, koma pa mayeso zimadyetsa mamaki.

Ser ndi estar amazunguza anthu a zilankhulo zina, koma ife tili ndi mwayi. "Ndine mwana wa sukulu" ndi sou. "Ndili kumunda" ndi estou. "Ndi aphunzitsi" ndi é. "Ali bwino" ndi está. Muuzeni mwana ayambe wanena m'Chinyanja: akamva "ndine, ndiwe, ndi" atenge ser, akamva "ndili, uli, ali" atenge estar. Sizikhoza paliponse, koma m'makalasi oyambirira zimamuwolotsa pa ziganizo zambiri.

Kanthu kena ka ulemu. Mwana wathu sanganene "iwe" kwa wamkulu, koma m'Chipwitikizi amatha kuuza aphunzitsi kuti "tu" osadziwa kuti watukwana. Muphunzitseni msanga kuti "inu" wa kwa aphunzitsi ndi "o senhor professor", "a senhora professora".

Kawiri pa sabata, mphindi za galamala zikhale za ditado: ziganizo ziwiri kapena zitatu za m'buku, wina awerenge pang'onopang'ono, mwana alembe, kenako atsegule buku adzikonze yekha. Ayang'anitsitse timizere ta pamwamba, pakuti avó ndi agogo aakazi, avô ndi agogo aamuna. Pais ndi makolo, país ndi dziko. Ngati pakhomo palibe wowerenga Chipwitikizi, mwana ayang'ane chiganizo, atseke buku, alembe, atsegule. Kuyambira kalasi yachitatu, Lachisanu azilemba ziganizo zitatu zake za zimene zachitika sabatayo, ngakhale zikhale za nkhumba imene idathawa.

Chachisanu, masamu

Masamu ayambe m'manja, apite pakamwa, kenako papepala. Ana ambiri amene amati "sadziwa masamu" adadumphitsidwa masitepe awiri oyambawo.

Kawerengedwe kathu kali ndi mphatso imene timainyalanyaza. Timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Mwana amene akudziwa kuti 7 ndi zisanu ndi ziwiri, 8 ndi zisanu ndi zitatu, akapatsidwa 7 + 8 safunika kuwerenga zala za kumapazi: zisanu ziwirizo ndi khumi, ziwiri ndi zitatu ndi zisanu, yankho 15. Muzoloweretseni zimenezi ndi nyemba. Kenako aloweze manambala awiriawiri opanga 10: 1 ndi 9, 2 ndi 8, 3 ndi 7, 4 ndi 6, 5 ndi 5. Bisani nyemba zina m'dzanja, aone zotsala, anene zimene mwabisa. Masewera amenewa agogo amawatha bwino kuposa wina aliyense.

Timitengo tija ndi ta unidades, dezenas ndi centenas. Mwana amange yekha timitolo ta khumikhumi. Mukati 43 aike timitolo 4 ndi timitengo 3. Mukati 34 asinthe. Tsopano muuzeni achotse 17 pa 43. Apeza kuti pa timitengo 3 sangachotse 7, ndipo musamuuze chochita, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akamasula kamtolo kamodzi yekha n'kukhala ndi timitengo 13, wamvetsa chimene kubwereka kumatanthauza, ndipo papepala sadzalembanso 34 chifukwa chochotsa 3 pa 7. Pophatikiza n'chimodzimodzi: timitengo tikakwana khumi timangidwe, ndiye "vai um" amene amamva kusukulu uja.

Mayina a manambala m'Chipwitikizi ali ndi mbuna zake. Sessenta ndi setenta zimamveka zofanana, doze ndi treze chimodzimodzi. 100 payekha ndi cem koma 101 ndi cento e um, ndipo 500 ndi quinhentos. Tchulani manambala asanu alembe. Mukanena "cento e cinco" iye n'kulemba 1005, bwererani ku timitolo, musapitirire.

Tabuwada, mndandanda wa kuchulukitsa uja, musaiyambe pa 1 kutsetsereka mpaka 10 ngati nyimbo ya kutchalitchi. Yambani ndi ya 2, ya 10 ndi ya 5. Ya 4 ndi ya 2 yowirikiza. Ya 6 ndi ya 3 yowirikiza. Ya 8 ndi ya 4 yowirikiza. Ya 9 ili ndi chinsinsi chimene ana amachikonda: manambala a yankho akaphatikizidwa amapanga 9, monga 18, 27, 36, 45. Yalani nyemba mizere 3, mzere uliwonse 4, kenako mwana azungulire aimire mbali ina: aona mizere 4 ya nyemba 3, koma nyemba ndi 12 zomwe zija. Akaona zimenezo, theka la tabuwada lagwa. Zotsala zouma mutu ndi zochepa, 6 × 7 = 42, 6 × 8 = 48, 7 × 7 = 49, 7 × 8 = 56, ndipo zimenezi zilembedwe pa timapepala zilowe m'chitini pamodzi ndi mawu. Pofunsa muzidumphadumpha. Bawo nayo ndi sukulu: mizere 4 ya maenje 8 ndi maenje 32, njere ziwiriziwiri ndi 64.

Pa kugawa ndiyenera kulankhula ndi inu amene mudaphunzira ku Malawi. Ambiri a ku Angónia ndi Tsangano adakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, n'kubwerera mtendere wa 1992 utasainidwa, ndipo ena mpaka lero adaphunzira tsidya ilo. Kumeneko nambala yogawira imakhala kumanzere, yankho pamwamba. Kuno, pa 96 : 4, 96 ikhala kumanzere, 4 kumanja mkati mwa kamzere kokhota, ndipo yankho, 24, lilembedwa pansi pa 4. Njira zonse ziwiri n'zolondola, koma mwana wa zaka 9 akapatsidwa zonse amasokonezeka. Tsatirani ya m'buku lake. Kumbukiraninso kuti kuno timalemba 2,5 ndi mpatuliro, osati kadontho, ndipo nthawi imawerengedwa mpaka 24: 15 horas ndi 3 koloko masana.

Pamene ana ambiri amagwera ndi pa masamu a nkhani, amene buku limati problemas. Kawirikawiri masamuwo amawatha, chimene chawagwetsa ndi Chipwitikizi. Tsiku lililonse mupatseni limodzi la pakamwa m'Chinyanja, lochokera pakhomo: "Tabzala mizere 7, mzere uliwonse mapando 8, mapando onse ndi angati?" "Ndakutuma ndi 100 meticais, wagula sopo wa 35 ndi mchere wa 20, ubweza zingati?" Akakhoza, tsegulani la m'buku. Asanagwire lapisi afotokoze nkhaniyo m'Chinyanja, anene chimene akufunsidwa, ajambule. Mawu ofunika alowe m'zitini: ao todo, sobrou, cada, metade, dobro, repartir, troco, dúzia. Koma musamuphunzitse kuti akaona mais aphatikize basi. Funso loti "quantos tem a mais?" likufuna kuchotsera, ndipo ana oloweza mawu osamvetsa nkhani amagwa pomwepo.

Ndalama ndi mphunzitsi wabwino. Dulani mapepala mulembe 20, 50, 100, 200, 500 ndi 1000, zitsekerero za mabotolo zikhale 1, 2, 5 ndi 10, mutsegule kabanka pakhonde, iye akhale wogulitsa. Nthawi zina mubereni chenji mwadala muone ngati agwira. Ana a kufupi ndi malire, ku Calomue kapena ku Biriwiri, amaona makwacha tsiku ndi tsiku, koma zosintha ndalama muzisiyire a kalasi 5 ndi 6. Magawo aphunzire pa nzimbe: kudula pakati ndi metade, kudulanso ndi um quarto, ndipo aone ndi maso kuti gawo limodzi mwa anayi ndi laling'ono kuposa limodzi mwa awiri ngakhale 4 ndi wamkulu kuposa 2.

Chachisanu ndi chimodzi, kukonza zolakwa

Ndodo isakhale pafupi. Mwana woopa amasiya kuganiza, amayamba kuyang'ana nkhope yanu kuti alote yankho. Pa tsiku konzani zolakwa zosapitirira zitatu, zina muzione n'kuzisunga m'mutu. M'malo monena kuti "walakwa", funsani kuti "wapeza bwanji?" Pofotokoza, nthawi zambiri amadzigwira yekha, ndipo inu mumaona pamene nzeru yake yapatukira. Mukamuyamikira tchulani chimene wachita: "Lero wakumbukira s pa mawu onse atatu." Ngati ana ali awiri kapena atatu, wamkulu afunse wamng'ono timapepala pamene inu muli ndi wapakati, koma musawayerekeze pamaso pawo.

Mwana akalephera chinthu masiku atatu otsatizana, bwererani sitepe imodzi m'mbuyo. Wa kalasi 4 amene sadziwa timitolo abwerere ku timitolo, palibe chamanyazi, ingochitirani kuseri kwa nyumba anzake asamuone.

Chomaliza, sabata ndi chaka

Lolemba mpaka Lachisanu tsatirani dongosolo lija. Loweruka tsegulani chitini chachitatu, kenako masewera okhaokha: kabanka, bawo, kapena mupite naye kumsika awerenge zikwangwani ndi kulandira chenji. Lamulungu apume.

Chaka cha sukulu chimayamba mvula ili mkati, ntchito ya kumunda ili pakhosi, ndipo nthawi yokolola kapena yosankha fodya manja a ana amafunikanso. Masiku otere musakakamire theka la ola, koma musasiyiretu. Mphindi 10 za pakamwa zimatheka poyenda kupita kumunda: tabuwada, mneni wa sabatayo, mayina a zimene mukuona m'njira. Holide yaitali ya December ndi January ndi imene imafufuta zambiri, choncho zitini zija zizitsegulidwa ngakhale katatu pa sabata.

Kamodzi pa trimestre kaonaneni ndi aphunzitsi, osadikira kuitanidwa. Tengani kaderno ya kunyumba. Mamaki amachokera pa 0 mpaka 20 ndipo 10 ndiye polowera, koma nambala yokha sikuuzani chochita. Funsani kuti: "Aphunzitsi, mwanayu chikumuvuta kwenikweni n'chiyani, ndipo mwezi uno muphunzitsa ziti?" Ngati mwaona kuti amayandikitsa buku kumaso, amatsinzinira poyang'ana patali, amatembenuza khutu limodzi mukamalankhula, kapena wafika kalasi yachitatu asakutha kulumikiza zilembo ngakhale mwakhala naye miyezi, auzeni aphunzitsi zimenezo, ndipo mupemphe kuti akhale kutsogolo. Za maso ndi makutu mupite naye kuchipatala akamuyeze.